Amisiri a pakhonde: kuchokera pa wailesi ya sefuliya kufika pa foni ya m'manja

Akatswiri olemba mbiri ya boma la Mulanje amakonda kuyambira pa tiyi. Amatiuza za mzungu uja Henry Brown amene adadzala tiyi pa Thornwood mu 1891, za malinga a Fort Lister ndi Fort Anderson, za thangata, ndiponso za nsonga ya Sapitwa yotalika mamita 3,002. Zonsezo n'zoona ndipo n'zofunika. Koma ine lero ndati ndikambeko za munthu wina amene mabuku sadamulabadire, chonsecho ambiri a ife tidapitako kwa iye nkhope ili yakugwa. Ndikunena mmisiri wa pakhonde, uja amakhala kuseri kwa katebulo kodzaza ndi tizitsulo pa Chitakale, pa Limbuli, pa Chonde, pa Nkando ngakhale pachipata cha Muloza, n'kumaukitsa mafoni a m'manja amene eni ake akuti afa.

Ena adzati, "Aaa, nayenso ameneyu ali ndi mbiri?" Ali nayo, abale anga, ndipo ndi yaitali kuposa ya foniyo. Zipangizo zimene timagwiritsa ntchito kunozi zimapangidwa kutali, ndi anthu amene sadanyowepo ndi chiperoni. Chimene chimazikhalitsa ndi moyo m'thumba la mayi wothyola tiyi ndi luso limene lakhala likupatsiranidwa pakhonde kwa zaka zoposa 70, kuchokera kwa okonza mawotchi ndi mawailesi kufikira kwa anyamata a lerowa.

Wailesi yonga poto

Tiyambe ndi chaka cha 1949. Masiku amenewo kudali nyumba youlutsa mawu ku Lusaka imene inkalankhula kwa anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'zinenero zawo, kuphatikizapo Chinyanja. Vuto lidali loti omvera adalibe mawailesi, poti amene adalipo adali okwera mtengo ndipo ambiri ankafuna magetsi. Mkulu wofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, Harry Franklin, adayenda m'makampani a ku Britain kufunafuna wina woti apange wailesi ya munthu wa kumudzi, mpaka kampani ya mabatire ya Ever Ready idavomera. Wailesi imene idatuluka adaitcha Saucepan Special chifukwa thupi lake lidali lachitsulo, lozungulira ngati sefuliya yopanda chogwirira. Mtengo wake udali mapaundi 5, ndipo batire lake, chimtolo cholemera, lidali pa mashiling'i 25.

Chimene chimandichititsa chidwi ndi choti opanga wailesiyi adatseka mabowo ake ndi kasefa kuti mphemvu ndi tizilombo tina tisalowe. Iwo adayamba afunsa kaye kuti, kodi chinthuchi chikakhala m'nyumba yotani? Funso limenelo tilisunge, tikumana nalonso kutsogoloku.

Katundu wina wamtunduwu ankabwera m'masutikesi a abale athu ochokera ku migodi ya ku Joni ndi ku Salisbury: mawotchi a pamkono, magalamafoni, njinga, makina osokera ndi mawailesi. Ulendo wa Wenela udaima mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi kupha anthu athu oposa 70, kenaka udayambiranso pansi pa Theba mpaka 1988. Zaka zonsezi katunduyo ankalowa m'midzi ya kwa Mabuka, kwa Chikumbu ndi kwa Njema, koma wogulitsa uja adali atatsala kutali ku Johannesburg. Chikawonongeka ukanabwerera nacho kwa yani? Apa mpamene padabadwira mmisiri wa pakhonde.

Ufulu utabwera mu 1964 tidakhala ndi MBC yathuyathu, ndipo kampani ya Nzeru Radio mu Blantyre idayamba kulumikiza mawailesi konkuno. Mawailesi atsopanowa adali opepuka, oyendera mabatire a tochi. Ife amene tidakula nthawi imeneyo tikukumbukira mmisiri wa wailesi pamsika: galasi lokuzira zinthu pa diso, chitsulo chowotcherera chili pambaula ya makala, m'katoni muli mitembo ya mawailesi akale yochotsamo zipangizo.

Munthu ameneyu adali ndi mwambo wake wofufuzira matenda. Ukamubweretsera wailesi yosalankhula sankathamangira kuitsekula mimba. Ankayamba ndi mabatire, poti ambiri tinkawayanika padzuwa kufuna kuwafinya mphamvu yotsiriza. Mabatire akakhala abwino ankaona tizitsulo togunda mabatirewo, ngati tachita dzimbiri ankatipala. Kenaka ankatsata waya mmodzimmodzi, n'kufika pa sipika. Zonsezi zikakhala bwino mpamene ankalowa m'kati mwenimweni. Lamulo lake lidali lachidule: yamba ndi chapafupi ndi chotsika mtengo, chovuta chibwere pomaliza. Paja akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sukulu imeneyi idatulutsa ophunzira m'dziko lonse. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene dziko lapansi lidamudziwa chifukwa cha makina amphepo opangira magetsi amene adamanga cha m'ma 2002, adayamba ndi kumasula mawailesi a anthu a m'mudzi mwake. Makina akewo atayamba kugwira ntchito, anthu ankabwera kudzatchajitsa mafoni. M'moyo wa mnyamata mmodziyo mukuoneka mlatho wonse, kuchoka pa wailesi kufika pa foni.

Lamya ilowa m'thumba

Achinyamata a lero sangamvetse mmene uthenga unkavutira kuyenda. Lamya idali ya ku positi ofesi, ya kwa DC, ya ku mishoni ndi ya m'maofesi a maesiteti. Munthu wamba ankadalira kalata, telegalamu, kapena mauthenga a maliro a pa wailesi, ndipo ambiri ankafika pamudzi mwambo wonse utatha, n'kungoonetsedwa mtumbira.

Kampani yoyamba ya mafoni a m'manja, Telekom Networks Malawi, idakhazikitsidwa mu 1995 mogwirizana pakati pa Telekom Malaysia ndi bungwe la boma loona za mapositi ndi matelefoni. Mu 1999 kudabwera Celtel, imene idasanduka Zain mu 2008 ndi Airtel mu 2010. Poyambapo foni idali ya mabwana, yokolekedwa pa lamba kuti aliyense aone. Ikawonongeka inkapita ku Blantyre. Koma pofika pakati pa zaka za m'ma 2000 mitengo idatsika, nsanja za netiweki zidafika m'maboma, ndipo foni idatsikira kwa mphunzitsi wa pulaimale, kwa kapitawo wa pa esiteti, mpaka kwa wogulitsa nanazi ndi mapeyala m'mbali mwa msewu.

Mafumu a nthawi imeneyo adali Nokia 3310, imene idatuluka mu 2000, ndi Nokia 1100 ya mu 2003, ija ya katochi kumutu. Yachiwiriyi idagulidwa zoposa 200 miliyoni padziko lonse, ndipo chinsinsi chake chidali chofanana ndi cha wailesi ya sefuliya: mabatani ake adali nsalu imodzi ya mphira yosalola fumbi, m'mbali mwake mosaterera, batire lokhala masiku angapo. Pambuyo pake kudabwera timafoni totsika mtengo timene anthu adatipatsa dzina loti Mose wa Lero, kenaka Tecno ndi Itel za kampani ya Transsion ya ku Shenzhen, zolowa masimu khadi awiri.

Mafoni amenewa mwini wake ndiye adali sing'anga woyamba. Ikagwa inkamwazika patatu, chivundikiro uko, batire uko, thupi uko. Umatola, kubwezera, n'kuyaka. Chivundikiro chikathyoka umamanga ndi mphira. Batire likayamba kugwedera umapinda kapepala n'kutsinira. Kwa mmisiri kunkapita zokhazo zimene zakanika pakhomo. Ndipo mmisiriyo adali yani? Nthawi zambiri adali yemwe uja wa mawailesi, kapena mwana wake, kapena mnyamata amene ankamuthandiza kukupiza moto pambaula.

Matenda a moto

Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti m'boma la Mulanje mudali anthu oposa 680,000. Kalembera yemweyo adaonetsa kuti m'dziko muno mabanja opitirira theka adali ndi foni ya m'manja, pamene a wailesi adali pafupifupi limodzi mwa atatu, ndipo ounikira magetsi a ESCOM adali ongopitirira pang'ono limodzi mwa khumi. Taonani mpata umenewo. Mafoni ambiri a kuno amakhala m'nyumba zopanda soketi, ndipo amadya moto wa kwa eni: kometera tsitsi, kokanema, pa batire la galimoto, pa kasola ka padenga. Nchifukwa chake dandaulo limene mmisiri amamva koposa lina lililonse ndi lakuti, "Achimwene, foni yanga sikulowa moto."

Mmisiri wodziwa ntchito amayankha ndi funso: "Mayi, chingwe mwabwera nacho?" Amayamba ndi chingwecho, chifukwa timawaya ta m'kati mwake timaduka pakhosi pomwe chimapindikapindika. Akayesa chingwe china foni n'kuyamba kulowa moto, nkhani yatha, mayi agule chingwe basi. Zikakanika amasintha mutu wa tchaja, umene umayenera kutulutsa mavoti 5. Zikakanikabe amaunika ndi tochi m'kamwa mwa foni, molowera chingwe muja. Mmenemo mumadzaza ulusi wa m'thumba, fumbi la mumsewu, ufa wa kuchigayo, ndipo zonsezi zimatsindirika pansi mpaka chingwe chimalephera kufika. Amakolowola ndi kamtengo kosongoka kapena kapulasitiki, foni atazimitsa, n'kutsuka ndi mswachi wonyowetsa mu sipiriti. Singano kapena phini ayi, chifukwa chitsulo chimagundanitsa mano a m'katimo n'kuwotcha foni.

Kukapezeka kuti manowo adapindika kapena kuthyoka, mpamene amafika pochotsa kamwa lonselo ndi kuwotcherera lina. Matendawa adachuluka kwambiri m'nthawi ya kamwa la micro-USB, limene limalowa mbali imodzi yokha. Pamalo otchajitsira, pamene mnyamata mmodzi amasomeka mafoni makumi angapo pa tsiku, mwina mumdima, kukakamiza chingwe chozondoka sikunkalephereka. Kamwa latsopano la USB-C limalowa mbali zonse, ndipo lachepetsako maliro a mtundu umenewu.

Kenaka pali batire. Mabatire a lithiamu amene ali m'mafoni athu adayamba kugulitsidwa ndi kampani ya Sony mu 1991. Limodzi limakhala ndi mavoti pafupifupi 3.7, ndipo likadzaza limafika 4.2. Mmisiri amaliyeza ndi mita yake. Likatsika kwambiri chifukwa foni idagona miyezi m'sutikesi, amalidzutsa pang'onopang'ono ndi makina ake. Batire limadana ndi kutentha. Foni yosiyidwa pa malata pafupi ndi sola, kapena yotchajidwa pansi pa pilo, batire lake limakalamba msanga. Likatupa mimba ndiye kuti m'kati mwake mwadzaza mpweya, ndipo mankhwala ake ndi amodzi: kulichotsa. Ndidaonapo anthu akulibaya ndi singano kuti liphwe. Chonde abale anga, kumeneko n'kuputa moto m'nyumba ya udzu. Ngakhale kampani yaikulu ya Samsung idaitanitsa mafoni ake onse a Galaxy Note 7 mu 2016 chifukwa mabatire ake ankayaka.

Nawo moto wa kuno uli ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 2010 anthu a kwa Bondo adayamba kulandira magetsi a pa mtsinje wa Lichenya kudzera ku bungwe la MEGA, ndipo m'midzi imene foni inkayenda mtunda wautali kukatchajidwa, idayamba kugona pakhomo. Koma mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adawononga damu la Kapichira, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kudatenga chaka ndi miyezi. Amisiri amadziwa kuti magetsi akabwerera mwadzidzidzi, kapena mphenzi ikagunda nthambo, tchaja yachinyengo imangodutsitsa mphamvu yonseyo n'kupsereza kachipangizo kolandira moto pa bolodi. Tchaja yotchipa ija, yopepuka ngati chikopa cha mtedza, yapha mafoni ambiri kuposa kugwa pansi. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Matenda a madzi

Tiyi amakonda Mulanje chifukwa cha mvula, ndipo foni imadana ndi Mulanje pa chifukwa chomwecho. Mwezi wa Juni ndi Julaye, pamene kwina kuli fumbi lokhalokha, kuno kumagwa chiperoni, mvula yamawawa ija imene idatenga dzina ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Mayi wothyola tiyi amalowa m'munda m'mamawa masamba ali chinyowere, foni ili m'chitenje kapena pachifuwa. Wakabaza amapalasa kuchoka pa Limbuli kupita ku Muloza thukuta lili kamukamu, foni ili m'thumba la malaya. Foni yotere sidagwepo m'madzi, koma imamwa chinyontho tsiku ndi tsiku.

Madzi paokha sapha foni nthawi yomweyo. Chimene chimapha ndi madzi akakumana ndi moto wa batire. Pamenepo timizere ta mkuwa ta pa bolodi timayamba kudyeka, n'kumera chinthu chobiriwira kapena choyera ngati nkhungu, ndipo mchere wa m'thukuta umafulumizitsa ntchitoyo. Nchifukwa chake foni yogwera mu Likhubula kapena m'ndowa yochapira imatha kuyaka bwinobwino lero, n'kudzafa Lachinayi. Mwini wake amati yalodzedwa.

Malangizo a amisiri pankhaniyi sadasinthe chiyambire nthawi ya Nokia. Izimitseni msanga. Ngati batire limachoka, chotsani, pamodzi ndi simu khadi. Musayese kuiyatsa kuti muone ngati ili moyo, ndipo musaisomeke pa tchaja. Musaiike pafupi ndi mbaula. Thamangani nayo tsiku lomwelo kwa mmisiri, amene adzaitsekula, kutsuka bolodi ndi sipiriti ndi mswachi, n'kuiumitsa ndi mpweya wofunda. Za kukwirira foni mu mpunga zija, ngakhale zidatchuka dziko lonse, zimangotayitsa nthawi pamene dzimbiri likugwira ntchito m'kati; kampani ya Apple nayo idachenjeza eni mafoni ake kuti asamatero, poti tizidutswa ta mpunga timalowa m'mabowo. Mpungawo phikani, ana adye.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa madzi, matope ndi miyala kuchokera m'phiri. M'chigawo cha kummwera anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, oposa 600,000 adasiya nyumba zawo, ndipo Mulanje ndi Phalombe adali pakati pa maboma amene adalira kwambiri. Pa zinthu zochepa zimene opulumuka adathawa nazo padali mafoni, onyowa ndi odzaza matope. Amene adali ndi abale kuno akukumbukira masiku aja oimba nambala n'kumangomva kuti sikupezeka, osadziwa ngati chafa ndi foni, nsanja ya netiweki, kapena mwini wake. Foni iliyonse imene mmisiri adaiukitsa masabata amenewo idali banja limodzi lomva kuti m'bale wawo ali moyo.

Khutu, pakamwa ndi netiweki

Pali matenda ena ang'onoang'ono amene amapusitsa anthu n'kugula foni yatsopano pachabe. Wina amati, "Ndikaimba, iwo akundimva koma ine sindikuwamva." Wina amati, "Ine ndikuwamva koma iwo akuti ndili m'chitsime." Woyambayo vuto lili pa sipika ya kukhutu, wachiwiriyo lili pa kabowo ka maiki kumunsi. Mmisiri amayesa poika mawu pa sipika yaikulu kapena kulumikiza mahedifoni. Mawu akamveka bwino kumeneko, amadziwa kuti bolodi ili moyo ndipo chatsekeka ndi kasefa chabe. M'sipika muli maginito, tsono foni ya wowotcherera zitsulo kapena wokonza njinga imakoka tizinyenyeswa ta chitsulo mpaka mawu amasanduka a njuchi. Mswachi wouma umachiza ambiri mwa matenda amenewa.

Za netiweki ndiye zimafuna munthu wodziwa dera. Phiri lathuli limatchinga mafunde, ndipo pali midzi ya m'zigwa imene aliyense amadziwa chulu kapena mtengo wa mango pamene foni imagwira. Kufupi ndi malire, cha ku Muloza moyang'anana ndi Milange, foni imatha kusiya nsanja ya kwathu n'kukakamira ya ku Mozambique. Mmisiri wa pa Limbuli amayamba wafunsa, "Bambo, mumakhala kuti?" asadagwire sukuludiraiva. Kenaka amaika simu khadi yanu m'foni ina, ndi simu khadi ina m'foni yanu. Mayeso awiri okhawo amaonetsa ngati wolakwa ndi khadi, foni kapena phiri. Khadi likachita dzimbiri amalipukuta ndi labala wofufutira pensulo. Mmisiri wa mu Limbe, ngakhale akhale ndi makina okwera mtengo, nzeru ya chulu ija alibe.

Foni yomatidwa ndi guluu

Mu 2007 kudatuluka iPhone, foni yagalasi lokhalokha ndi batire lotsekeredwa m'kati, ndipo m'zaka zotsatira makampani ena adatsata njira yomweyo. Mafoni amakonowa atafika m'misika yathu, mwini wake adaleka kukhala sing'anga woyamba. Chivundikiro chimamatidwa ndi guluu, batire nalo limamatidwa, ndipo kutsekula kumafuna makina otenthetsera. Mmisiri amene adayamba ndi chitsulo cha pambaula lero akufunika mfuti ya mpweya wotentha, galasi lokuzira lamphamvu, ndi magetsi osazimazima. Ambiri mwa achikulire adagonja n'kubwerera ku mawailesi ndi matochi; anyamata adaphunzira zatsopanozi poonerera anzawo mu Limbe ndi pa YouTube.

Nthenda yaikulu ya mafoni amenewa ndi sikirini. Ili ndi zigawo zitatu: galasi la pamwamba, kansalu komva chala, ndi gawo loonetsa zithunzi. Galasi lokha likang'aluka foni imagwirabe ntchito. Mukaona banga lakuda likufalikira ngati inki, kapena mizere yamitundumitundu, ndiye kuti gawo la pansi lasweka. Foni ikamalira koma nkhope ili bii, mmisiri amayamba waona kachingwe kolumikiza sikirini ku bolodi, poti nthawi zina kamangosolokako foni ikagwa. Koma m'mafoni ambiri zigawo zitatuzi zidamatidwa pamodzi, ndipo chimodzi chikafa umagula zonse.

Zipangizozo zimachokera ku China, kudzera ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg, n'kufikira m'masitolo a mu Limbe, kumene mmisiri wa ku Mulanje amakazitenga pa minibasi ya msewu wa Midima. Zonsezi zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa sikirini udakwera mpaka anthu ambiri adangosankha kuyenda ndi galasi losweka lomatidwa ndi selotepi, chala chikuchekeka. Ena adabwerera ku kafoni ka mabatani.

Tsono foni ya lero yasenza katundu amene wailesi ya sefuliya sidasenzepo. Chiyambire Airtel Money mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, m'fonimo ndi mmene mumadutsa ndalama ya fizi yochokera kwa mwana amene ali ku Cape Town, malipiro a ganyu, ndi mpamba wa geni ya nthochi. Ndalamazo zimakhala pa nambala, motero foni ikafa sizitayika, ndipo simu khadi ikhoza kulowa m'foni ya mnansi. Koma zithunzi za malemu amayi, mawu a mdzukulu pa WhatsApp, ndi manambala amene sadalembedwe pena paliponse, zimatha kupita ndi bolodi. Munthu wopereka foni kwa mmisiri amapereka chinsinsi cha nyumba yake yonse.

Apa ndiyenera kunena chilungamo, chifukwa nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Si onse okhala pakhonde amene ali amisiri. Mlongo wanga adasiyapo foni pamalo ena kuti aikonze kamwa lotchajira, ndipo idabwerako ndi batire lina lokalamba m'malo mwa lake latsopano. Alipo ena amene amauza gogo kuti bolodi yapsa pamene vuto ndi ulusi wa m'thumba. Mmisiri weniweni mudzamudziwa ndi mwambo uja wa makolo ake a mawailesi: amayamba ndi chotsika mtengo, amayesa inu mukuona, amakuuzani kuti muchotse simu khadi ndi memore khadi musadachoke, ndipo chimene wachotsa amakubwezerani m'manja.

Funso la Franklin

Ku Ulaya anthu adatopa nako kutaya mafoni chifukwa cha batire lokha. Bungwe la European Union lidalamula kuti kuyambira Disembala 2024 mafoni onse atsopano ogulitsidwa kumeneko akhale ndi kamwa limodzi la USB-C, ndipo kuyambira Juni 2025 opanga mafoni azisunga zipangizo zosinthira kwa zaka 7 mtundu wa foniyo utaleka kugulitsidwa. Azungu akuchita kukhazikitsa ndi malamulo chinthu chimene pa Chitakale chakhala chikhalidwe chiyambire kale, choti katundu akawonongeka amakonzedwa. Malamulo amenewo akhoza kutipindulira nafenso, poti fakitale imene imapangira iwo ndi yomwe imapangira ife.

Koma sitingangokhala kudikira za ku Brussels. Bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, lili ndi mwayi wofika pamakonde amenewa, kuyesa luso la anyamata ndi atsikana amene adaphunzira poonerera, ndi kuwapatsa mapepala oti kasitomala adziwe wodalirika. A khonsolo ya boma la Mulanje, amene amatolera ziphaso m'misika, angathe kuika malo amodzi otayirako mabatire otupa ndi mabolodi akufa, m'malo moti zizikokoloka ndi mvula kulowa mu Ruo ndi Lichenya momwe timatunga madzi akumwa. Ndipo a MACRA ndi a Malawi Bureau of Standards, amene ali ndi mphamvu pa katundu wolowa m'dziko, afunse funso lija adafunsa opanga wailesi ya sefuliya mu 1949: kodi tchaja iyi, batire ili, foni iyi, ikakhala m'nyumba yotani?

Amisiri oyamba a mawailesi atsala owerengeka, ndipo maso awo achita chidima. Amene muli ndi agogo otere m'mudzi mwanu, kawachezereni, muwafunse mmene ankawotcherera waya ndi msomali wa pamakala, ndi amene adawaphunzitsa. Mulembe mayina awo. Mbiri ya tiyi ili kale m'mabuku a ku London. Iyi ikapanda kulembedwa ndi ife, ipita nawo kumanda.